Batani Lasamuka

Lachiwiri ku Salford, mvula ikuwaza ngati sikufuna.
Kiyi ndamupeza pansi pa mphika wa maluwa ofota,
a Ogden ndawapeza pampando, phala lazizira,
rimoti ili m'manja awiri
ngati mbalame yomwe akuopa kuifinya.

Ati, andibera Doreen.

Doreen tinamuika chaka chatha, ine ndinalipo.
Akunena za pulogalamu ya maboti a m'ngalande
yomwe ankaonera awiri madzulo,
gawo lachisanu ndi chimodzi, pomwe mayi anati
imitsa kaye, ndikagone pang'ono.
Kanema anasunga malowo. Kamzere kofiira
kanaima pakati, miyezi khumi ndi inayi,
pamwamba penipeni, pomwe chala chonjenjemera chimafika.
Lero kulibe.
Pali nkhope za achinyamata atanyamula mfuti,
ukangoima pa imodzi yayamba kukuwa yokha
usanaiitane.

Ndatsika, ndakwera, ndabwerera.
Kanema akufunsa ngati ndine Doreen kapena mlendo.
Akufuna nambala yomwe watumiza
ku foni yomwe ili m'kabati, yakufa nayonso.

Ndatuluka kukhitchini kukaimbira mlongo wanga.

Lonjezo amagwira ntchito m'nyumba zagalasi kudoko kuja,
kapena ndinene ankagwira.
Kampani ya tsidya lina la mlatho yamugula
monga amagulira wogoletsa zigoli,
malipiro awiri pamwamba pa amodzi.
Akale, poopa kuti awoloka ndi zinsinsi zikadali zotentha,
akumulipira miyezi itatu kuti angokhala,
ati azikasamalira dimba.
Lonjezo amakhala pansanja yachikhumi,
alibe ngakhale tsabola wa m'chitini.

Achimwene, batani lija munaliika kuti?

Waseka, ndikumva akutafuna.
Ati imeneyo inali ntchito yanga yotsanzikira.
Ati manambala anaonetsa
kuti munthu akasochera pang'ono amakhalitsa,
suona sitolo imaika buledi kumapeto kwenikweni?
Ati usadandaule, komwe ndikupitako
ndikakonza zabwino kuposa izi.
Ndati, komwe ukupitako anachokako ndani?
Ati mnzanga Priyesh. Wabwera kuno, pampando wanga.
Ndiye mwangosinthana majekete,
ife tikulipira kawiri mwezi ndi mwezi
kuti tisochere m'nyumba ziwiri zofanana.

Wakhala chete. Kutafuna kwaleka.
Ndamuuza za kamzere kofiira.

Tsika mizere isanu ndi iwiri, watero,
upite kumanzere, osati kumanja,
pali kabokosi kotuwa kopanda chithunzi.
Sitinafufute. Tinangokankhira pansi.

Ndabwerera. Ndawerenga mokweza ngati mwana wa sitandade wani,
a Ogden akuwerenga nane m'chinenero chawo.
Chachisanu ndi chiwiri. Kumanzere.
Boti lobiriwira lili pomwe linali,
mphuno yake italowa pansi pa mlatho wa njerwa,
bambo wachipewa atakweza dzanja
lomwe sanalitsitsebe.
Kwatsala mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Ndiyatse?

Ayi, atero. Ndimangofuna ndione ngati akudikira.

Ndatenthetsanso phala. Mapiritsi awiri oyera, limodzi lachikasu.
Kuseri kwa envulopu ya kuchipatala
ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu:
PANSI KASANU NDI KAWIRI, KENAKO KUMANZERE,
ndamata ndi selotepi pambali pa kanema.
Ndikudziwa pepalali silifika Pasaka.
Penapake m'nyumba zagalasi zija
wina akumwa khofi ndi anthu omwe si abwana ake,
akumulembera nambala pakapepala kopukutira pakamwa,
ndipo wodzalowa m'malo mwake
adzafuna aonetse kuti wafika.

Kota pasiti teni ndikufunika ku Eccles
kwa mayi wina yemwe sakonda kuchedwa.
Ndabweza kiyi pansi pa mphika.
Pawindo ndikuwaona, sanasunthe,
rimoti ili pabondo,
boti silinalowe, silinatuluke.

Basi ikubwera. Foni yanjenjemera m'thumba.
Lonjezo: Kodi ali ndi zaka zingati?